Mutu 7: Mzere wa Mayi Ake

1. Chipinda Chapansi

Inali sabata yachitatu Kamphindi akutsika masitepe omwewo, kulowa m'chipinda chapansi cha laibulale ya pakoleji. Uko n'kumene amasungako magazini akale a kafukufuku, aja a zikuto zolimba amene palibe amawafuna. Fani inafa kalekale. Zenera lilipo limodzi, ndipo ukasuzumira umangoona nsapato za anthu odutsa panja. Fumbi lokha ndiye musanene, unkachita kulimva m'mano.

Dzina loti Kamphindi anamupatsa ndi anzake. Mtsikanayu ukamutuma chilichonse, yankho lake linali limodzi: “Kamphindi chabe.” Kutsuka mbale, kamphindi. Kukapereka ntchito kwa aphunzitsi, kamphindi. Anali m'chaka chachitatu cha maphunziro a zamalaibulale, ndipo miyezi imeneyi anamutumiza kukaphunzira ntchito kwa mkulu wa laibulale, bambo wina wa imvi amene ophunzira ankangoti a Chete, poti liwu limenelo ndi lokhalo ankawamva akulankhula.

Ntchito imene anaipeza kumeneko inali yotopetsa, ndipo inamutopetsadi. Aphunzitsi anayi ankafuna kukwezedwa kukhala mapulofesa. Komiti yoona zokwezazo inalamula kuti laibulale iwerenge kuti aliyense wa iwo watchulidwa kangati m'zolemba za anthu ena ophunzira. Wosafika pa 100 aiwaleko. Zaka zonse komiti inkangotenga nambala ya pakompyuta, koma chaka chimenechi inafuna kuti munthu aone ndi maso. A Chete maso awo anali atayamba ng'ala, choncho ntchito yonse inagwera Kamphindi.

Tsiku loyamba lija a Chete anamukhazika pansi, n'kulankhula mawu ambiri kuposa amene anawalankhula chaka chonse.

“Mvetsera mwanawe, poti sindibwereza,” anatero. “Munthu wophunzira akalemba pepala la kafukufuku, kumapeto amandandalika mayina a anthu amene watapako nzeru zawo. Kumeneko ndiye kutchula. Ukatchulidwa ndi ambiri, ndiye kuti ntchito yako yathandiza ambiri. Nkhani yake ndi yomweyo basi. Tsono kompyuta imawerenga ngati mwana wowerenga magalimoto pamsewu, sidziwa kuti galimoto iyi yadutsa kawiri. Iwe ntchito yako ndi kusefa. Munthu akadzitchula yekha, chotsa, poti kudziombera m'manja wekha si kutchuka. Ukatero upite pashelefu, ukalitenge pepala lotchulidwalo ndi manja ako, uone ngati wolembayo alidi munthu amene tikumuwerengerayo. Anthu amafanana mayina. Kenako uwerenge chiganizo chimene amutchulamo, chifukwa ena amakutchula pokuyamikira, ena pokutsutsa, ena pongofuna kudzaza tsamba. Usadalire zouzidwa. Kandimverere anakanena za m'maluwa.”

Aphunzitsi atatu anathana nawo. Wina anatsika kuchoka pa 160 kufika pa 120. Wina anapezeka kuti theka la omutchula ankamutsutsa. Kamphindi analemba zonsezo mosakayika, poti anthuwo sanali abale ake.

Wachinayi ndiye ankangomusuntha: mawa, mkuja, kamphindi. Wachinayiyo anali amalume ake, mphunzitsi wa zaulimi, amene anamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi ake atamwalira. Tsopano linali Lachitatu masana, ndipo fomu inkafunika ku komiti Lachinayi 12 koloko isanakwane. Zengerezu adalinda kwawukwawu, abale.

2. Pepala la Phulusa

Kompyuta inati amalume atchulidwa ka 203. Kamphindi anapumira m'mwamba, n'kuyamba kusefa. Kodzitchula okha kanapezeka ka 34. Anaseka pang'ono, poti amalumewo amadziyamikiradi ngakhale angokonza mpopi wa kubafa. Panatsala 169, nambala yabwinobwino.

Kenako anaona kuti mwa 169 amenewo, 146 ankatchula pepala limodzi lokha. Linali lonena za kusunga mbewu ndi phulusa kuti nankafumbwe asaiwononge, ndipo linalembedwa zaka 17 zapitazo. Anthu a m'maiko akutali, ena mayina awo ovuta n'kutchula komwe, onse ankaloza pepala lomwelo. Chodabwitsa n'chakuti amalume, munthu wodzitchula ka 34, pepala limeneli sanalitchuleko ngakhale kamodzi.

Msana unkamuwawa, kukhosi kutauma gwa. Akanatha kungochonga n'kumapita kwawo. Mumndandandamo munali dzina la banja lawo, ndiponso chilembo choyamba cha dzina la amalume. Munthu angafunenso chiyani? Koma a Chete anali pakona akumata chikuto cha buku, ndipo osadzutsa n'komwe mutu anangoti, “Pashelefu.”

“Kamphindi chabe, bambo.”

“Pashelefu, ndati.”

Anakoka makwerero akung'ung'udza chamumtima. Magaziniyo inali pamwamba penipeni, kumene ngakhale wosesa safikako. Ataisolola, fumbi linamugwera kumaso, anayetsemula katatu. Anatsika nayo, n'kuiika patebulo, n'kuyamba kufufuza tsamba.

Mutu wa pepalalo unalipo. Pansi pake panali dzina lonse la wolemba, losafupikitsa. Silinali la amalume. Linali la mayi ake.

Anthu awiriwa anali pachibale cha mimba imodzi, dzina la banja limodzi, ndipo mayina awo ankayamba mofanana. Kompyuta inangowaphatikiza n'kukhala munthu mmodzi. Koma patsamba apa panalibe chosokoneza. Dzinalo linali lokha, ndipo pansi pake analembapo kuti wothandiza mu labu ya zaulimi.

Kamphindi anakhala pansi. Moyo wake wonse ankadziwa kuti mayi ake ankagwira ntchito yotsuka mabotolo ku labu. Ndi mmene amalume ankanenera nthawi zonse. Anatembenuza masamba mpaka kumapeto, kumene olemba amathokozako anthu owathandiza, ndipo anawerenga motsitsa mawu:

“Ndikuthokoza achimwene anga pondibwereka njinga yopitira kwa alimi, ndiponso mwana wanga wamkazi amene wakhala akundidikira pakhomo la labu masana onse osalira.”

Mwanayo anali iyeyo. Pakhomo la labu sankapakumbuka, njinganso ayi. Koma zosalirazo zinathera pomwepo, poti misozi inangoyamba yokha, kudontha pafumbi la patebulo.

3. A Chete Alankhula

A Chete anasiya guluu, n'kukoka mpando. Anatenga magaziniyo, kuiyandikiza kumaso mpaka inatsala pang'ono kugunda mphuno. Anaibweza pang'onopang'ono.

“Munkadziwa, bambo?” anafunsa Kamphindi.

“Ndinkadziwa.”

“Ndiye munandipatsiranji ntchito imeneyi?”

“Chifukwa ndilibe maso, ndipo ndilibe munthu wina. Ichi n'choona, koma si chonse.” Anavula magalasi, n'kupukuta m'maso ndi chikhatho. “Mayi ako ankakhala pampando umene wakhalapowo. Nthawi yopuma anzake akupita kukadya, iwo ankatsikira kuno, m'zala muli phulusa. Ndinkawakalipira kuti akudetsa mabuku. Analibe digiri, koma pepala limeneli analemba okha, ndinkawaona. Atamwalira, makompyuta aja atabwera, ndinaona kuti owatchula onse awaunjikira kwa amalume ako. Ndinati si zanga. Chaka chinatha, china chinatha. Ndinkati akonza eni ake. Taona tsopano, ndatsala ndi miyezi isanu kuti ndipume pantchito, ndipo chinthu chija chandidikirabe pashelefu. Mlandu suola, mwanawe.”

Kamphindi anawerengera papepala. Kuchotsa 146 pa 169. Panatsala 23.

“Safika pa 100,” anatero ndi mawu otopa.

“Safika.”

“Ndiye ndichite chiyani?”

“Sindikuuza chochita, koma ndikuchenjeza,” anatero a Chete. “Ntchito yathu ino anthu amaiona ngati yaing'ono. Amati timangodinda mabuku ndi kuletsa phokoso. Koma nambala imene utalembe pafomupo ikasanduka udindo, ndipo udindowo ukaphunzitsa ana a anthu zaka makumi awiri. Ukanama kamodzi, dzanja limazolowera. Mawa akubwerera mnzako, mkuja akubwerera bwana, ndipo udzakhala ulibe pokanira, poti udzakhala ukudziwa kuti unayambira kwanu. Komanso usaganize kuti choonadi chimabwera ndi mphatso. Atatu aja unawasefa mosavuta chifukwa sugona m'nyumba mwawo. Uyu ndi khoswe wa pamkhate. Ukamuponya mwala, mkhate usweka, ndipo mkhatewo ndi umene umamwera iwe. Ngati sungathe, undiuze mawa mmawa. Ndilemba kuti wachinayiyu sitinamalize kumuona, nditumiza nambala ya pakompyuta ngati kale. Palibe adzakuloze chala. Ine ndazolowera kukhala chete.”

Kamphindi anajambula tsamba lija ndi foni, n'kubwezera magazini pamwamba, n'kukwera masitepe ngati munthu wosenza thumba.

4. Pakhonde

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Amalume anali pakhonde, atavula nsapato, miyendo ili pakatebulo, akuchonga mayeso a ophunzira. Mulu wa mapepala unali utafika m'bondo. Akazi awo, amene Kamphindi ankawatchula kuti anti, ankaanula zovala pachingwe.

“Wafika mwini wake wa manambala!” anatero amalume akuseka. “Tatiuzani, bwana, takhoza kapena tibwereze kalasi?”

Kamphindi anagwada pambali pawo, n'kuwapatsa foni. Amalume anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kuseka kuja kunazimiririka pang'onopang'ono. Anaika foni pamulu wa mayeso chafufumimba.

“Wakuonetsa ndani?”

“Palibe, amalume. Ndi mmene timagwirira. Pepala lililonse timakaliona pashelefu.”

“Pashelefu,” anabwereza amalume, n'kupukusa mutu. “Khala pampando apo. Ndikuuze zimene shelefu sinakuuze.”

Anti anasiya kuanula. Anaima chapatali, malaya ali m'manja.

“Ine sindinabe kanthu,” anayamba amalume. “Sindinafufute dzina la munthu. Makina ndi amene anaphatikiza, ine ndinangopeza zili choncho. Unkafuna ndipite ku ofesi ndikanene kuti chonde ndichotsereni? Kuti zipite kwa yani? Mayi ako anapita. Kumene aliko safuna upulofesa. Ine ndaphunzitsa pakoleji paja zaka makumi awiri ndi zitatu. Kalasi imodzi ana mazana atatu. Ukuuona muluwu? Ndi wachitatu sabata ino. Nthawi yochita kafukufuku ndikanaitenga kuti? Anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira khasu la kumunda wa koleji lero ndi mapulofesa, ndimawapatsa moni ndine. Chaka chino ndi chomaliza. Ndikalephera, zaka zanga sizindilolanso kufunsira.”

Anatsitsa miyendo pakatebulo paja, n'kupitiriza.

“Tsiku limene tinaika mlongo wanga, abale onse anabalalika. Aliyense anali ndi chifukwa chake. Ndinakunyamula ndine, uli ndi malungo, nsapato imodzi itatayika. Anti akowa anakugoneka pakati pa ana awo. Sitinakusiyanitse ndi wina aliyense m'nyumba muno. Sindikunena izi kuti undilipire, ayi. Ndikukuchenjeza. Anthu a kukomitiwo sakudziwa. Akaiona fomuyo adzati zikomo, n'kukuiwala tsiku lomwelo. Ukadzadwala sadzabwera. Ukadzakwatiwa sadzabwera. A Chete akowo akupuma pantchito, adzapita kwawo. Udzatsala ndi ife. Chibale ndi fupa, sichiola, koma fupa limathyoka, mwana wa mlongo wanga. Mayi ako akanakhala pano akanati, apatseni achimwene, ine ndilibe nazo ntchito. Ndimawadziwa kuposa iwe.”

Kamphindi anayang'ana pansi. Zonse zimene ananena amalume za malungo ndi nsapato zinali zoona, ndipo zinamupweteka. Amalume ake ankawakonda, asakunamizeni munthu.

“Ndifunseko chimodzi, amalume,” anatero.

“Funsa.”

“Bwanji munkandiuza kuti amayi ankatsuka mabotolo?”

Amalume anatola cholembera chofiira, n'kuchitembenuzatembenuza.

“Ankatsukadi,” anatero.

“Koma si zokhazo.”

“Kakonze tiyi. Mutu ukundiwawa.”

Kamphindi analowa kukhitchini. Anti anamutsatira, n'kuika zovala pampando. Anangomuchotsa fumbi la kulaibulale m'tsitsi, n'kutuluka.

5. Fomu

Mmawa wa Lachinayi Kamphindi anatsika masitepe aja maso ali otupa. A Chete anali atafika kale. Patebulo anali ataikapo fomu ya komiti ndi chidindo chawo.

“Ndilembe kuti sitinamalize?” anafunsa.

“Kamphindi chabe, bambo.”

A Chete sanaseke. Anabwerera pakona pawo.

Mtsikanayo anayatsa kompyuta. Anayamba ndi 23 otsala aja, poti ntchito inali isanathe. Anakwera makwerero kasanu. Mapepala onse anali ndi dzina lonse la amalume. Mwa 23 amenewo, 19 ankatchula pepala limodzi, lonena za kuyanika mbewu pamalata isanalowe m'nkhokwe. Anawerenga ziganizo zimene anawatchulamo, ndipo onse ankayamikira. Mtima unakhalako pansi pang'ono. Amalume analinso ndi chawochawo chabwino.

Nthawi inakwana 11 koloko. Pafomu panali mizere inayi, itatu yodzaza kale. Pamzere wachinayi analemba 203, n'kuyang'ana. Anafufuta. Analemba 169, n'kuyang'ananso. Nambala imeneyi inkaoneka yaulemu, ngati ya munthu amene wasefadi. Palibe akanaifunsa.

Foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa amalume: “Usaiwale kwanu.”

Anauwerenga kawiri, n'kuika foni m'thumba. Panja nsapato zinkangodutsa pazenera. Anakhala choncho mpaka 11 koloko inapitirira ndi theka.

Kenako anafufuta 169, n'kulemba 23. Pansi pa mzere wachinayi anajambula mzere wachisanu ndi rula. Analembapo dzina lonse la mayi ake, ntchito yawo, chaka chimene anamwalira, ndi nambala 146. M'mbali anafotokoza mwachidule kuti kompyuta inaphatikiza anthu awiri a dzina limodzi, ndipo anatchula magazini ndi tsamba kuti wofuna akaone yekha.

A Chete anaiyandikiza fomuyo kumaso.

“Komiti inapempha anthu anayi,” anatero. “Mzere wachisanuwu sanaufune. Ukanangolemba 23 zikanakwana.”

“Anthu 146 anatchula munthu, bambo. Munati tizilemba amene watchulidwa.”

“Ndinatero.”

“Ndiye ndalemba.”

A Chete anasaina pansi pa dzina la Kamphindi, n'kudinda. Chidindocho chinapendama.

“Ndikanayenera kujambula mzere umenewu ndine, zaka khumi zapitazo,” anatero. “Thamanga, kwatsala mphindi khumi.”

Anathamangadi, koyamba m'moyo wake. Mlembi wa komiti analandira envulopu osamuyang'ana n'komwe kumaso, n'kuiponya m'thireyi. Zikomo uja ananena amalume, mtsikanayo sanamumve n'komwe. Kamphindi anatuluka, n'kukhala pamasitepe a ofesi. Sanamve kukoma kulikonse. Anangomva kutopa, ndi njala.

6. Chikwama

Nkhani za pakoleji siziyenda pansi, zimauluka. Pofika 3 koloko wapampando wa komiti anali atawaimbira kale amalume.

Kamphindi atafika kunyumba anapeza pakhonde palibe munthu. Mulu wa mayeso unali pomwepo, mphepo ikutembenuza pepala lapamwamba. Chitseko cha kuchipinda kwa amalume chinali chotseka. Pakhomo lolowera pabalaza panali chikwama chake chachikulu, chija anabwera nacho kuchokera kusekondale, chomangamanga kale.

Anti anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Maso awo anali ofiira.

“Anena kuti ukayambe wakhala kwa mnzako uja wa kuhositelo,” anatero motsitsa mawu. “Sanati mpaka liti. Ndayesa, mwananga. Zaka zonsezi sindinawaonepo akulira, koma lero alira.”

“Ndingawalankhule?”

“Lero ayi.”

Kamphindi anapita pachitseko chija. Anagogoda kamodzi.

“Amalume, ndine. Pepani kuti zakupwetekani.”

Anadikira. Anamva bedi likulira, ngati munthu watembenukira kukhoma, basi.

Anti anamuthandiza kunyamula chikwama mpaka pageti. Chinali cholemera kuposa zovala zake zonse. Atafika pomwe sakanaonekera pazenera, anti anamugwira dzanja mwamphamvu.

“Usandione ngati munthu woipa,” anatero. “Ndakhala m'nyumba muno pakati pa anthu awiri, wina wamoyo wina womwalira, ndipo ndatopa. Mayi ako ali m'chipatala anandipatsa zinthu kuti ndidzakupatse ukadzakula. Amalume ako anaziona, anazitenga, anati adzakupatsa okha. Ndakhala ndikuzipukuta fumbi pamwamba pa wadiropu zaka khumi ndi zisanu, ndikumati mawa, mawa. Usatengere ine, mwananga. Chinthu ukachisunga nthawi yaitali chimayamba kukusunga ndi icho. Zili pansi pa zovala. Usatsegule pano.”

Anabwerera m'nyumba mofulumira, osacheuka.

Kamphindi anakoka chikwama mpaka pamalo odikirira basi. Anakhala pabenchi. Basi yoyamba inadutsa yodzaza. Anthu awiri amene ankadikira naye anakwera yachiwiri, iye anatsala yekha. Sanathenso kupirira. Anatsegula zipi, n'kupisa dzanja pansi pa masiketi.

Munali makope atatu a zikuto zobiriwira, omangidwa pamodzi ndi kansalu. M'mphepete mwa masamba munali zidindo za zala zotuwa. Anamasula, n'kutsegula loyamba. Zolembazo zinali zing'onozing'ono, zopendekera kumanja, ngati zake zomwe. Linali la phulusa ndi nankafumbwe, manambala ndi masiku ndi mayina a alimi.

Anatsegula lachiwiri. Patsamba loyamba mayi ake analembapo mutu wa kafukufuku wina, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri. Kamphindi anauwerenga, n'kuuwerenganso. Ankaudziwa. Anali atauona mmawa womwewo ali pamakwerero: kuyanika mbewu pamalata isanalowe m'nkhokwe. Deti la pakopepo linali la zaka zitatu pepala la amalume lisanatuluke.

Anthu 19 aja. Iye mwini anawasiya pamzere wa amalume, n'kusainira pansi pake kuti waona ndi maso. Pashelefu anapitadi, koma izi shelefu sikanamuuza.

Basi yachitatu inaima, kondakitala akukuwa kuti malo alipo. Kamphindi sanadzuke. Fomu inali kale m'manja mwa komiti, ndipo pamiyendo pake panali kope lachitatu, losatsegula.